Alipo amene anamwapo Yu Ping Feng San? Ndithandizeni

Abale anga amene muli kuno ku China, makamaka inu amene mukuphunzira udokotala, ndikupempha nzeru.

Ndili ku Beijing chaka chachiwiri tsopano, ndipo nyengo yozizira ikangoyamba mu Novembala chimfine sichindichoka. Ndikachira sabata ino, sabata yamawa chabweranso. Ndimatulukanso thukuta ngakhale ndangokwera masitepe ochepa, kenako kamphepo kakandiwomba pakhosi basi ndadwala.

Mnzanga wa m'kalasi, Mtchaina, wandipatsa bokosi la mankhwala azitsamba otchedwa Yu Ping Feng San. Dzinali akuti limatanthauza chotchinga mphepo chopangidwa ndi mwala wa jade. Muli mizu itatu: huang qi, bai zhu ndi fang feng. Ndi timapaketi ta timibulu tofiirira, umasungunula m'madzi otentha. Ndinatsegula kamodzi n'kununkhiza, fungo lake ngati la mizu imene agogo ankawiritsa mumphika kumudzi. Iye akuti amayi ake ankamumwetsa ali mwana kuti thupi lilimbe, ndipo amamwa munthu asanadwale, osati thupi litatentha kale.

Chikundiopsa n'chakuti ndimamwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse. Kodi ziwirizi zimayenderana? Nanga amamwa kwa masabata angati?

Kuchipatala ndikufuna kupita ndithu, koma Chitchaina changa sichinafike pofotokoza matenda. Ngati alipo ku Beijing kuno amene angandiperekeze Loweruka kukandimasulira, chonde andiuze. Bokosilo lili patebulo, sindinayambe kumwa.