Gulu la Banja: Opaleshoni ya Diso la Agogo

Malume a ku Area 25: Mwaswera bwanji nonse. Tabwerako ndi amayi ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central. Akuti diso lakumanja achita opaleshoni Lachiwiri sabata yamawa, koma lakumanzere ayi, angotipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza. Ndajambula tsamba la m'buku lawo la kuchipatala, ndi ili. Inu a ku Area 47, imeneyi ndi ntchito yanu, tatimasulirani zilembozi.

Achimwene a ku Area 47: Ndaona malume. RE ndi diso lakumanja, LE lakumanzere. VA ndi muyeso wa mmene diso likuonera. Pa RE alemba HM, ndiye kuti agogo sanaone ngakhale chilembo chachikulu chapamwamba pa tchati chija, zala sanathe kuwerenga, angozindikira kuti dzanja likugwedezeka patsogolo pawo. Pa LE pali 6/36: chinthu chimene wa maso abwino amachiona ali pa mamita 36, iwo mpaka ayandikire pa mamita 6. Maso abwinobwino amalembedwa 6/6.

Achimwene a ku Area 47: Mawu oti mature cataract pa diso lakumanjawo ndi ng'ala yokhwima. Zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Chimene chandigwira mtima ndi mzere wa IOP, presha ya m'kati mwa diso. Imayenera kukhala pakati pa 10 ndi 21. Kumanja ili 16, kumanzere 32, ndipo pambali pake alemba glaucoma.

Mayi aang'ono a ku Kawale: Ndiye ine sindikumvetsa mwananga. Diso lomwe lafa kale ndi lomwe akulichita opaleshoni, lomwe likuonako pang'ono akulisiya? Asanasokoneze mapepala anthuwa?

Achimwene a ku Area 47: Sanasokoneze mayi. Lakumanjalo silinafe, latsekeka chabe. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachibadwa, lenzi, kakang'ono ngati njere ya khobwe. Munthu akadali wamng'ono kamakhala koyera mbee ngati madzi a pa mjigo, ndipo ukalamba ukamafika kamayamba kuchita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Ng'ala ndi imeneyo. Kuwala kumalephera kudutsa, koma nthawi zambiri zakuseri zimakhala zili bwino. Akachotsa lenzi yoderayo n'kuikapo ya pulasitiki, munthu amaonanso.

Glaucoma ndi nkhani ina. M'diso mumapangidwa timadzi nthawi zonse, ndipo timayenera kumatuluka pa tinjira tating'ono m'mphepete. Tinjirato tikamakana, presha imakwera n'kumafinya mtsempha umene umatenga zithunzi kupita nazo ku ubongo. Mtsempha umenewu ukafa sudzukanso, ngakhale ndi opaleshoni kapena magalasi. Pa tsambalo pali CDR 0.8, kutanthauza kuti pamene mtsemphawo umalowera m'diso pakumbika kwambiri, mbali yaikulu yatha kale. Kabotolo kaja ntchito yake n'kuteteza chotsalacho basi.

Achemwali a ku Area 18: Ndipo imayambira m'mbali, pakati pamatsala pooneka, komanso nthawi zambiri sipweteka. N'chifukwa chake agogo akumagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa lakumanzere pomwe munthu woima patsogolo pawo akumuzindikira. Malume, pa kabotolopo palembedwa chiyani?

Malume a ku Area 25: Timolol 0.5%, BD.

Achemwali a ku Area 18: BD ndi kawiri pa tsiku, dontho limodzi m'mawa, lina madzulo, motalikirana maola 12. Tisankhe 6 koloko ndi 6 koloko kuti asasokoneze. Awa si mankhwala omaliza botolo n'kusiya ayi, ndi a moyo wonse pokhapokha adokotala atasintha. Timolol sagwirizana ndi munthu wa mphumu kapena wa mtima wogunda pang'onopang'ono. Agogo mphumu alibe, koma akayamba kubanika kapena chizungulire, musadonthezenso, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mzime wa ku Johannesburg: Moni akuluakulu nonse. Kuno pa Facebook akutsatsa mankhwala odontheza osungunula ng'ala popanda mpeni. Ndigule nditumize pa basi? Agogo akalamba, opaleshoni ine ikundiopsa.

Achimwene a ku Area 47: Usataye ndalama mng'ono wanga. Palibe dontho limene limayeretsa lenzi yoti yadera kale. Choopsa n'choti timabotolo tina togula mwachisawawa timakhala ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo steroid amakweza presha ya m'diso. Kwa munthu wa glaucoma n'kuthira palafini pamoto. Ndalamayo tumiza ithandize pa mafuta a galimoto.

Mayi aang'ono a ku Kawale: Poti mwatchula, ku Mitundu anthu ayamba kale kuwauza zofinyira masamba m'maso. Enanso awaopseza kuti kuchipatala amakolowola diso n'kuliika m'mbale, pobwezera amaika la mbuzi. Usiku wathawu pa foni amangonena zomwezo.

Achemwali a ku Area 18: Za masambazo muwakanize mwamphamvu mayi. Khungu loonekera ngati galasi la kutsogolo kwa diso, cornea, ndi lopyapyala, theka la milimita basi. Utomoni wa zitsamba umaliwotcha n'kulowetsamo tizilombo, pamabwera chilonda, chikapola pamatsala chipsera choyera chimene opaleshoni ya ng'ala singachotse. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a mchere opanga tokha, zonsezo ayi.

Achimwene a ku Area 47: Za mbuzizo muwafotokozere chonchi. Diso silichoka m'malo mwake. Sawagonetsa tulo, amangochititsa dzanzi disolo ndi jakisoni wa pambali pake kapena madontho. Amawafunditsa nsalu kumaso, n'kuika kachitsulo kogwira zikope kuti asaphethire. Dokotala amayang'ana pa makina okulitsa zinthu, amacheka kanjira ka mamilimita 6 kapena 7 chakumtunda kumene chikope chimaphimba, amatsegula kathumba kamene lenzi imakhalamo, amatulutsa lenzi yoderayo, kathumbako n'kukasiya. Lenzi ya pulasitiki amailowetsa m'kathumba momwemo. Kanjirako kamadzitseka kokha, nthawi zambiri sasoka. Zonse mphindi 20 kapena 30. Ntchito ya agogo ndi imodzi: kugona chagada osagwedeza mutu. Akafuna kutsokomola ayambe anena.

Lolemba kapena m'mawa wa tsikulo akayeza kutalika kwa diso ndi kupindika kwa cornea kuti asankhe mphamvu ya lenzi yowayenera. Musadabwe akawaitanira ku makina ena.

Alamu a ku Biwi: Ndiye tinene kuti Lachitatu adzakhala akuona ngati mtsikana?

Achimwene a ku Area 47: Tisawalonjeze choncho alamu. Ng'ala yokhwima imabisa zakuseri, dokotala sangaone retina, kakhungu ka kumbuyo kwa diso kolandira zithunzi, ndi mtsempha mpaka ataichotsa. Ndipo glaucoma kawirikawiri imagwira maso onse awiri, limodzi limangotsogola. Cholimbitsa mtima n'choti presha ya kumanja ili 16 ndipo alemba kuti mwana wa diso akuchepa bwino akamuunika ndi tochi. Ambiri amaona bwino ndithu akangomatula bandeji, ena chifunga chimatenga masiku angapo kuti chiyere.

Alamu a ku Biwi: Chabwino. Kodi si matenda aja ananena pa wailesi kuti atha m'Malawi?

Achimwene a ku Area 47: Aja ndi trachoma, a nsidze zopindikira m'kati n'kumakanda diso. Bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti sakuvutanso dziko lino monga kale. Sakukhudzana ndi za agogozi.

Malume a ku Area 25: Tiyeni ku dongosolo tsopano. Amayi ndawasunga kuno, sabwerera kumudzi opaleshoni isanachitike. Alamu, galimoto ilipo Lachiwiri?

Alamu a ku Biwi: Ilipo. Ndifika 5:30 m'mawa, tidutse msewu wa M1 magalimoto asanathinane. Lachitatu ndidzabweranso. Zokwera kabaza kapena minibasi ndi diso la bandeji, ndi fumbi la mwezi uno, ayi.

Achemwali a ku Area 18: Zokonzekera ndi izi. Lolemba madzulo asambe, atsuke tsitsi ndi nkhope ndi sopo, chifukwa pambuyo pake papita masiku asanathire madzi kumutu. M'mawa wa Lachiwiri asadzole mafuta kumaso. Mapiritsi a BP amwe monga mwa nthawi zonse, BP ikapezeka yokwera kwambiri amabweza munthu. Shuga akayezanso komweko. Mapaketi onse a mankhwala amene akumwa apite nawo, ndi aspirin yemwe ngati alipo, adokotala aone okha, ife tisawasiyitse. Za chakudya cha m'mawa tsatirani zimene anakuuzani kuchipatala malume. Diso likafiira kapena kutuluka manthongo masiku ano, kapena akadwala chifuwa, tidziwitse chipatala msanga, amayamba achiza zimenezo.

Mayi aang'ono a ku Kawale: Ine ndidzakhala nawo monga gadiyani, ngati n'kugona komweko ndigona. Koma alongo, akatuluka akhala masiku angati ku Area 25? Mukuwadziwa amayi, tsiku lachitatu adzayamba za nkhuku zawo.

Achemwali a ku Area 18: Masabata anayi osachepera, nkhuku aziona ena. Kumudzi akangofika ndi pamoto wa nkhuni, kusesa pabwalo, kupeta, kusenza ndowa. Utsi ndi fumbi zimayabwitsa diso, ndipo diso likayabwa agogo amapukuta ndi nsonga ya chitenje, chomwecho chimene apukutira manja ndi mphuno ya mwana. Pamenepo ndi pamene tizilombo timalowera pa bala. Tiwagulire thonje loyera. Popukuta manthongo, wiritsani madzi, azizire, nyowetsani thonje, pukutani chikope kamodzi kuchokera chakumphuno kupita chakukhutu, n'kutaya. Usiku avale kachivindikiro ka pulasitiki kaja kwa sabata yoyamba kuti asadzitikite m'tulo. Posamba madzi asalowe m'diso kwa masabata awiri, nkhope azingopukuta ndi kansalu.

Achemwali a ku Area 18: Kadonthezedwe, amene adzakhale nawo awerenge bwino. Sambani m'manja ndi sopo. Agogo akhale pampando, aweramutse mutu ayang'ane kudenga. Kokerani pansi chikope cham'munsi chipange kathumba, dontho limodzi ligwere m'menemo. Awiri n'kuwononga, diso silisunga. Kamwa la botolo lisakhudze diso, nsidze kapena chala. Atseke diso, musindikize pakona ya chakumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Pa timolol zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa akalowa m'magazi ndi pamene amachedwetsa mtima. Mabotolo akakhala awiri a diso limodzi, pakati pake pazidutsa mphindi 5. Opaka amabwera pomaliza. Botolo likatsegulidwa lembani tsiku, pakatha masiku 28 tengani lina.

Achimwene a ku Area 47: Pamene anthu amalakwitsa ndi apa: mabotolo adzakhala a maso awiri osiyana. A pambuyo pa opaleshoni amakhala ndi mankhwala opha tizilombo ndi steroid, ndi a diso lakumanja lokha, ndipo amachepetsedwa pang'onopang'ono monga adzalembere. Timolol ndi wa kumanzere. Mukasinthanitsa, steroid apita ku diso la presha 32. Mangani ulusi wofiira pa botolo la kumanja, ndipo wodontheza akhale mmodzi, osati aliyense wodutsa.

Malume a ku Area 25: Azidontheza akazi anga m'mawa ndi usiku. Masana mtsikana wathu wa Fomu 4 uja ali pakhomo, walemba kale mayeso. Ndimata pepala pakhoma azichonga.

Achimwene a ku Area 47: Pa pepala lomwelo mulembenso izi. Kuthothoza ngati muli kamchenga, misozi, kufiira pang'ono, zimenezo n'zachizolowezi. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo, chikope chikatupa kapena mafinya akamatuluka, makamaka sabata yoyamba, mwina ndi tizilombo m'kati mwa diso. Apite kuchipatala msanga, osadikira kuti kuche kawiri, diso limatha m'masiku ochepa. Chimodzimodzi akamaona kung'anima ngati mphezi kapena chinsalu chakuda chikutsika mbali imodzi.

Mzime wa ku Johannesburg: Ndamva achimwene, za Facebook ndasiya. Magalasi ndiwagulire kuno?

Achimwene a ku Area 47: Dikira masabata asanu ndi limodzi, diso likhazikike, akayezedwe. Lenzi ya pulasitiki amaisankha yoonera patali, ndiye powerenga Baibulo kapena kulowetsa ulusi pa singano adzafuna magalasi, mwina a +2.50 kapena +3.00, koma nambala yeniyeni ituluke poyeza. Panopa ongotchinga dzuwa akwanira. Komanso pakapita miyezi kapena zaka, akadzati chifunga chabwerera, si ng'ala yameranso. Ndi kathumba kaja kadera, amakaboola ndi kuwala kwa makina a laser mphindi zochepa.

Achimwene a ku Area 47: China, ndipo ichi ndi cha tonse. Glaucoma imayenda m'banja, pakati pa abale a magazi amodzi. Malume, mayi aang'ono, amayi athu, ndi aliyense wa ife amene wakwana zaka 40 akayezetse presha ndi mtsempha wa diso, ngakhale akuona bwino. Kuyezetsa magalasi owerengera pa msika si kuyezetsa maso. Amene ali ndi shuga aziunikitsa retina chaka chilichonse. Tsiku loyezetsalo musayendetse galimoto, madontho okulitsa mwana wa diso amachititsa chifunga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Malume a ku Area 25: Ine ndi alongo anga tikayezetsa tsiku lobwerera ndi amayi ku sikelo yawo ya diso. Zopereka: nyumba iliyonse K25,000, zifike kwa a ku Area 18 pa Airtel Money kapena Mpamba pofika Loweruka. Ndi za mafuta, chakudya cha gadiyani, thonje, ndi timolol wapadera ngati angasowe. Mzime, iwe tumiza pa Mukuru.

Mayi aang'ono a ku Kawale: Mwaiwala chimodzi. Kabotolo ka fodya wa m'mphuno kali pamfundo ya chitenje chawo.

Achemwali a ku Area 18: Eee, kameneko kachoke Lolemba. Kuyetsemula ndi bala latsopano sizigwirizana, komanso zala za fodyazo zimathera m'maso. Koma wokawalanda asakhale mdzukulu, atitukwana. Malume, imeneyo ndi yanu.

Malume a ku Area 25: Ndiyesa Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Alamu, 5:30 yomweyo, muimbe mukafika pa geti.