Galasi likumachita chifunga ngakhale ndayatsa defroster

Wa_ku_Chinkhoma: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Toyota Vitz ya 2010. M'mawa kukazizira, kapena mvula ikamagwa titatseka mawindo, galasi lakutsogolo limachita chifunga mkati. Batani ndimalozetsa pa chizindikiro cha galasi, feni pa 4, koma chifunga osachoka. Vuto lingakhale pati?

Mkulu_wa_AC: Yambani ndi zosafuna ndalama, achimwene. Pali batani lojambulidwa galimoto yokhala ndi kamuvi kokhota mkati. Ambiri kuno salizimitsa poopa fumbi la misewu yadothi, koma likayaka mpweya womwe mukupuma umangozungulira m'galimoto, ndipo ndi umenewo ukunyowetsa galasi. Lizimitseni kuti mpweya uzichokera kunja. Kenako yatsani AC, kutentha muike kofiira. Musadabwe kuyatsa AC mu June: ntchito yake pamenepa ndi kuumitsa mpweya, hita n'kuutenthetsa.

Onetsetsaninso kuti AC ikugwiradi ntchito, nyale ya pa batani isakunamizeni. Injini ikulira, tsegulani boneti, wina adine batani. Kompresa, pampu yopopa gasi wa AC, ikamagwira ntchito, paipi yaikulu ya AC imayamba kuzizira. Ikapanda kuzizira, onani fyuzi kaye. Fyuzi ikakhala bwino, kawirikawiri gasi ndiye wachepa, chifukwa pali swichi yoletsa kompresa kuyaka gasi akatsika. Vitz yanuyo imagwiritsa gasi wa R134a, mlingo wake umalembedwa pa chomata pansi pa boneti. Musalole kuti amakaniko angothira gasi asanapeze pomwe akuthawira.

Spanala_Mchinji: Kuwonjezera apo, sefa ya mpweya wolowa m'galimoto. Ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala: finyani m'mbali, kagwera pansi, sefa n'kuisolola. Ndi fumbi la Kasungu la mwezi wa October, imatsekeka mpaka feni kumangosokosa, mpweya wofika pagalasi wochepa. Ikada, gulani ina. Yapepala sachapa.

Wa_ku_Chinkhoma: Zikomo, akulu. Kompresa ikuyaka ndithu. Koma kapeti ya mbali ya pasenjala ndi yonyowa, ndipo ndikapukuta galasi limatsala ngati lapakidwa mafuta.

Spanala_Mchinji: Apo ndiye mwanena. Gwirani madziwo ndi chala, mununkhize. Akakhala oyera, opanda fungo, ndi kapaipi kotayira madzi a AC kamene katsekeka. Kamatulukira pansi pa galimoto chakumanzere. Kabayeni pang'onopang'ono ndi waya wofewa, madzi atuluka. Onaninso masamba a mitengo pansi pa mawaipa, amatseka ngalande za madzi a mvula.

Koma zamafutazo zikuloza kwina. Madziwo akamaterera, akamanunkhira motsekemera, kaya ndi ofiirira kapena obiriwira, ndiye kuti heater core yabooka. Ndi karedieta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi, momwe mumadutsa madzi otentha a injini. Kakadontha, feni imanyamula nthunzi ya coolant, madzi oziziritsa injini, n'kuipemerera pagalasi, ndiye mukamaonjezera defroster m'pamene chifunga chikukula. Kuti mutsimikize, injini itazizira lembani chizindikiro pa botolo la coolant, muonenso pakatha masiku 3. Akatsika koma pansi osadontha, ndi kameneko. Musatsegule chotsekera redieta injini ikadali yotentha, mungapse.

Mayi_Dalaivala: Bambo, amakaniko akakuuzani kuti angolumikiza mapaipi awiri a karedietako n'kukadumpha, dziwani kuti kudontha kusiya koma hita ithera pomwepo. N'zongoti mufike kunyumba. Kusintha karedietako kumafuna kumasula dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Musathiremo mankhwala omata mabowo, amatseka timapaipi ta redieta. Funsaninso ngati thermostat, kavavu kothandiza injini kutentha msanga, ilimo, poti ena amaichotsa, ndipo injini imachedwa kutentha m'mawa. Ntchito ikatha, tulutsani kapeti muyanike padzuwa, siponji ya pansi pake iume ndithu, galasi mulitsuke mkati ndi madzi osakaniza ndi viniga, theka ndi theka, kuti mafutawo achoke.