Vuto la membrane yochotsa mpweya m'madzi lapezeka

Masabata angapo apitawo ndinafunsa chifukwa chake membrane yathu (sefa yolekanitsa mpweya ndi madzi) ya timachubu tamphako, tooneka ngati ulusi, inasiya kuchotsa mpweya m'madzi pomwe pampu ya vacuum, yoyamwa mpweyawo, inkakoka bwinobwino. Zikomo nonse amene munandithandiza nzeru.

Timachubuti ndi ta pulasitiki yotchedwa PVDF. Makoma ake ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi salowamo chifukwa pulasitikiyi imakana kunyowa. Oxygen ndi carbon dioxide ndiye zimadutsa n'kukokedwa ndi vacuum. Tsono ife tinkatsuka ndi sopo wamadzi. Sopoyo analowetsa madzi m'timabowomo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Titatsukuluza kambirimbiri n'kuumitsa ndi mpweya wouma, membraneyo inayambiranso kugwira ntchito, koma pang'ono chabe.

Chandipweteka mtima kwambiri ndi caustic soda wamphamvu amene tinkathiranso, osadziwa kuti amadya PVDF. Timachubu tinaderako mtundu n'kuyamba kuthyoka, ndipo zikatero palibenso kukonza.

Pano taika membrane ya pulasitiki ina yotchedwa PTFE, imene imapirira soda ngakhalenso asidi. Iyo imasungunuka pa madigiri 327 Celsius, pomwe PVDF ndi cha m'ma 170. Komabe sopo sitidzamuthiranso, chifukwa nayonso PTFE imanyowa naye.