Ndani angandithandize kuyeza mafuta a ndege a Jet A-1?

Moni nonse akuluakulu. Ndili kuno ku Mzuzu, ndikuchita kafukufuku wa mafuta a ndege, koma ndaima. Ndikufuna kuyeza ngati amapirira kutentha osasiya zomatirira m'mapaipi, motsatira njira yoyezera ya ASTM D3241: amadutsa pa kachubu kotentha 260°C kwa maola awiri ndi theka, kenaka mumaona zomwe zamatirira pa kachubuko komanso mmene sefa yatsekekera. Kusiyana kwa mphamvu yokankha mafuta (pressure) mbali ziwiri za sefayo kusapitirire 25 mmHg.

Vuto ndi makina oyezera zimenezi, otchedwa JFTOT. Ndafunsa m'malabu apafupi, ndaimbanso ku Lilongwe, sindinawapeze. Kutenthetsa mafutawo mu uvuni ndinayesa, koma kungoona kusintha kwa mtundu wake sikukwanira.

Kodi alipo akudziwa komwe kuli makinawa, kuno kapena ku Tanzania? Nanga sampulo ndiitumize m'chotengera chanji? Chamkuwa ayi, chimasokoneza zotsatira. Chonde ndithandizeni.