Radium ankayinyamula bwanji kale popita nayo ku zipatala?

wofunsafunsa:
Abale ndithandizeni, radium ija ankachizira khansa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, poti imatulutsa cheza chowotcha thupi chonchija, ankayenda nayo bwanji kuchoka ku labu kukafika kuchipatala? Ankangoponya mthumba basi?

mayi_wa_fiziki:
Mthumba momwemo achimwene, poyamba zinkachitikadi. Mu 1901 wasayansi wa ku France Henri Becquerel anaika kachubu ka radium mthumba la chovala chake, patatha masiku angapo khungu pamalo pomwepo linafiira mpaka kukhala chilonda. Ndiye pang'onopang'ono anthu anazindikira kuti pafunika mtovu. Radium yakeyo inali kaufa kochepa zedi kangati mchere, ankakatsekera mtimachubu tagalasi kapena mtimasingano ta chitsulo cha platinum kenako nkuika m'bokosi la mtovu, moti cholemera chinali bokosilo osati mankhwalawo. Mu 1914 nkhondo itayamba wasayansi Marie Curie anakwera sitima kuchoka ku Paris kupita ku Bordeaux, mzinda wina wa ku France, ndi bokosi lotere kukalisungitsa ku banki kuopa Ajeremani. Komanso gramu imodzi yomwe amayi aku America anamusonkhera $100,000 mu 1921 inawoloka nyanja pa sitima ili m'bokosi la matabwa a mahogany lokutidwa mtovu mkati, lolemera makilogalamu oposa 40. Kagramu kamodzi kokha!

dokotala_wopuma:
Zoona mayi, koma pali china chomwe anthu amaiwala, nthawi zambiri radium yeniyeniyo simkayenda ayi, inali yodula kwambiri kuti muziyenda nayo mumsewu. Ankaisungunula nkuitsekera malo amodzi, ndiye poti imatulutsa mpweya wotchedwa radon, ankapopa mpweyawo nkuutsekera mtimachubu tatingonoting'ono, timeneti ndi tomwe ankatumiza kwa madokotala. Ku Dublin, ku Ireland, anayamba zimenezi mu 1914, wasayansi John Joly ndi dokotala Walter Stevenson. Ubwino wake radon imatha mphamvu msanga, theka limapita pa masiku osakwana anayi pomwe radium imafuna zaka 1600, ndiye kachubu kakasowa simunataye chuma. Vuto linali liwiro, phukusi likachedwa panjira wodwala amalandira mphamvu yochepa, moti ankawerengeratu masiku a ulendo podzaza.

wofunsafunsa:
Eee zikomo akuluakulu. Nanga onyamulawo anali otetezeka?

mayi_wa_fiziki:
Osati kwenikweni, ndipo apa mpomwe zimandipweteka. Mtovu umangochepetsa cheza champhamvu chotchedwa gamma, sumatsekeratu, ndiye kabokosi kopyapyala kodutsa pa positi kankatulutsabe ndithu. Malamulo oyamba a katumizidwe anadza makamaka chifukwa mafilimu a zithunzi omwe anali pafupi ndi maphukusiwa ankapezeka atawonongeka, za thupi la wonyamula anadzaziganizira mochedwa.