Mzere ndi wautali, nanga wodwala aliyense ndimumvetsera nthawi yanji?

Membala wosadzitchula dzina:
Akuluakulu pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndine namwino pa chipatala china chaching'ono kuno ku Zomba, chaka chachiwiri pantchito. Kusukulu anatiphunzitsa kusamala munthu, osati matenda okha. Koma ndikamafika m'mawa benchi imakhala itadzaza kale, ena ali pansi pa mtengo, moti ndimayamba kulemba m'buku la kuchipatala ndisanaone n'komwe nkhope ya mwiniwake.

Chandipweteka ndi nkhani ya agogo ena a BP. Miyezi itatu osatsika, 170/100 basi. Ndinkawakalipira kuti akuchulutsa mchere, iwo n'kumangoti "chabwino anesi". Sabata yatha mdzukulu wawo ndi amene anandinong'oneza kuti mapilitsi awo a BP, otchedwa HCTZ, anasiya kalekale. Agogowa amagulitsa tomato pamsika, mankhwalawo amawakodzetsa pafupipafupi, chimbudzi ndi cholipira, ndipo alibe wowasiyira malonda. Miyezi itatu ine osafunsa! Inu anzanga mumatha bwanji pomwe kunja anthu akung'ung'udza kuti mukuchedwa?

Mzamba wopuma ntchito, Chinamwali:
Mwanangu, mzere sudzatha, ife tinausiya momwemo. Sintha funso. Ukafunsa kuti "mukumwa mankhwala?" aliyense ayankha kuti eya, pakuti munthu wamkulu sangafune kuoneka wamwano pamaso pa anesi. Uziti, "Agogo, mankhwalawa akukuvutani pati?" Ukatero khala chete, cholembera pansi. Ambiri sachedwa, amanena zonse nthawi yochepa kwambiri. Ndipo ukhale pampando, usawafunse uli chiimirire ngati wapolisi wa pamsewu.

Dokotala, Thondwe:
Achemwali, agogowo muwaonetse kwa dokotala. Mankhwala a BP alipo ena, monga amlodipine, osakodzetsa, ngati ku famase kwanu alipo. Akapitiriza HCTZ azimwa m'mamawa asananyamuke, osati usiku. Zofananazo timaziona pa Ramadan ndi a shuga: munthu wamanga, sanakuuzeni, mankhwala akumwa mwa iye yekha. Ndi bwino kuyamba ndinu kufunsa mwezi usanaoneke, mugwirizane nthawi yomwera.

Mlangizi wa zaumoyo, kufupi ndi Kachulu:
Kuno ku nyanja ya Chilwa asodzi amatha milungu ali pamadzi. Kuwalembera tsiku osawafunsa ndi kungowononga inki, kenako tizinena kuti athawa mankhwala. Amene ali bwino pa ma ARV amatha kulandira a miyezi 6, ndiye timayamba tafunsa kuti abwerako liti. Komanso phunziraniko ka Chiyao. "Ajimwiche uli?" yekhayo, agogo ena amamasuka mpaka kukuuzani za mbuzi zawo.

Bambo wina, Matawale:
Ine si wachipatala, ndinadikirira mayi anga milungu iwiri pa chipatala china. Zonsezi mukunena n'zabwino, koma yambani ndi chitseko. Munthu anganene za mkodzo pomwe wotsatira pamzere wasuzumira kale? Chinanso, anesi ankalankhula ndi ine ngati mayi palibe, chonsecho makutu awo ndi abwinobwino. Mayi anangoti, "Wadwala ndiwe kapena ine?"

Namwino mnzanu:
Tisanamizane. Munthu mmodzi, malungo, sikelo, mabala, usiku uchembere. Tsiku lina ngakhale moni amalemera.

Mzamba wopuma ntchito, Chinamwali:
N'zoona mwanangu, sindikutsutsa. Koma agogowa abwera katatu osathandizika, ndipo akagwa sitiroko adzafuna nthawi yoposa pamenepo, pabedi pako pomwepo.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. Bambo a ku Matawale mwandilasa, chitseko chathu sichitsekeka, timachitchinga ndi mpando. Agogo aja tsiku lawo ndi Lachinayi. Ndiwalowetse okha kaye kapena limodzi ndi mdzukulu? Ndikuopa angadziwe kuti ndiye anaulula, akakangane kunyumba.