Wisiki wa ku Scotland wotsika mtengo

Funso: Akuluakulu, ndi wisiki uti wosakaniza wa ku Scotland amene munthu angakwanitse kugula, woti nkumamwa pang'onopang'ono madzulo komanso kuthira m'zakumwa zina?

Yankho loyamba: Achimwene, yesani The Famous Grouse, chifukwa ndi wofewa pakhosi ndipo amangofuna timadzi pang'ono. Kutsika mtengo kusakukayikitseni, pakuti lamulo limati wisiki aliyense wa ku Scotland akhale m'migolo zaka zosachepera 3, ndipo mphamvu yake isachepere 40 peresenti.

Yankho lachiwiri: Kwa ine, Johnnie Walker Red Label amaluma mukamamwa yekha, koma mukathiramo ginger ale ndi ayisi amakoma kwabasi.

Yankho lachitatu: Ngati mumakonda kafungo ka utsi, bambo, sankhani Teacher's Highland Cream.